Tulo ta Cimbalangondo Tayamba Kucepa

Anzanga acinyamata, ambiri a ife dzina loti cimbalangondo tinalimvera m'nkhani ya Davide, mnyamata woweta nkhosa uja, pamene anali kufotokozera mfumu Sauli za zilombo zimene zinkabwera kudzagwira nkhosa za atate wake. Mkango timaudziwa, pakuti ku Luangwa ndi ku Kafue ulipo. Koma cimbalangondo palibe mlenje wa kwathu kuno amene anakumana naco m'chire. Mu Africa monse cinkapezeka kumpoto kokha, m'mapiri a Atlas, ndipo kumeneko cinatha m'zaka za m'ma 1800. Ngakhale kumene Davide ankadyetsa nkhosa kuja lero kulibenso. Mtundu umene iye ankalimbana nao watsalira ku Turkey, ku Iran ndi m'mapiri a Caucasus.

Ine nyamayi ndinaidziwira m'mabuku ndi pa zithunzi, ndipo cimene cinandikopa mtima ndi tulo take. Cimbalangondo cofiirira cimagona miyezi yathunthu m'nyengo yacisanu, osadya, osamwa, ndipo cacikazi cimaberekera m'tulo momwemo. Tsono masiku ano dziko likutentha, cisanu cikufupika, ndipo tulo tija tayamba kucepa. Ndifuna tikambirane za nkhani imeneyi, makamaka monga ikucitikira m'mapiri a Cantabria, kumpoto kwa dziko la Spain, kumene anthu ena adzipereka kuti nyamayi isathe. Funso limene lakhala likundivuta ndi ili: kodi munthu angathandize bwanji nyama yam'chire imene safuna kuiweta, pamene bvuto lake ndi nyengo, cinthu cimene palibe angacimangire mpanda?

Caka ca cimbalangondo

Kuti timvetse bvutoli tiyambe taona mmene cimbalangondo cimayendetsera caka cake. Kumbukirani kuti kumpoto kwa dziko lapansi nyengo zimasemphana ndi zathu. Ife tikamalima mu Disembala ndi Januwale, iwo amakhala ali pakati pa cisanu coopsa, mapiri atakutidwa ndi cipale cofewa.

Cimbalangondo cikatuluka m'phanga mwake, ca mu Malichi kapena mu Epulo, cimakhala coonda. Cimayamba ndi msipu wanthete ndi masamba ongophuka kumene, ndipo cikapeza nyama imene inafa ndi cisanu sicikana. Ngakhale ciri ndi mano ndi zikhadabo zoopsa, ndipo cacimuna cacikulu cikhoza kuyandikira makilogalamu 200, cakudya cake cacikulu m'mapiri a Cantabria ndi zomera. Kukayamba kufunda cimafukula nyerere, cimakwera m'mitengo ya cherry, ndipo mu Ogasiti cimakwera kumtunda kukadya tizipatso takuda tochedwa bilberry, timene timabala pa tizitsamba tofika m'maondo. Pomaliza, kuyambira mu Okutobala, imafika nyengo yofunika kuposa zonse, pamene mitengo ya oak, ya beech ndi ya chestnut imagwetsa njere zake zamafuta. Apa cimbalangondo cimadya usana ndi usiku monga munthu amene wauzidwa kuti mawa kulibe cakudya. Cimene cikucita ndi kututa, ndipo nkhokwe yake ndi thupi lake lomwe.

Mafuta amenewa ndiwo amacisunga m'phanga. Cikagona, mtima wake umene unkagunda ka 40 pa mphindi imodzi umatsika kufika ka 10 kapena kucepera apo. Sicidya, sicimwa, sicipita kuthengo, koma minofu ndi mafupa ake siziwonongeka monga zimacitira za munthu amene wagona pamphasa miyezi yambiri. Madokotala akufufuza cinsinsi cimeneci mpaka lero, poyembekezera kuti cingathandize odwala.

Codabwitsa kopambana ndi nkhani ya ana. Zimbalangondo zimakwerana pakati pa Epulo ndi Julayi, koma mbewu ya mwana siyamba kukula pomwepo. Imangokhala m'mimba kudikira mpaka nthawi yolowa m'phanga. Ngati mai wanenepa mokwanira, mimba imayamba. Ngati njere zinasowa ndipo mai walowa m'phanga ali woonda, thupi limaikana mimbayo, ndipo caka cimeneco sabereka. Ana amabadwa mu Januwale, mmodzi, awiri kapena atatu, osaona, osakwana ndi theka la kilogalamu lomwe. Amayamwa mkaka wocokera m'mafuta a mai amene sanadye kanthu kuyambira caka catha. Akatuluka amayenda naye pafupifupi caka ndi theka, kotero kuti cacikazi kawirikawiri cimabereka kamodzi pa zaka ziwiri. Mwaona tsono kuti ciwerengero ca ana obadwa mu Januwale cimalembedwa ndi mitengo mu Okutobala.

Zimene zasokonezeka

Bungwe loona za nyengo pa dziko lonse la World Meteorological Organization linalengeza kuti caka ca 2024 cinali cotentha kuposa zaka zonse zimene anthu akhala akuyesa, ndipo kutentha kwake kunaposa kwa nthawi imene mafakitale anali asanaculuke ndi madigiri pafupifupi 1.5. Kwa munthu wokhala m'tauni nambala imeneyi ikuoneka yaing'ono. Paphiri siicepa. Amene anafikako ku Nyika akudziwa kuti ukamakwera kumazizira, ndipo pa mamita 1,000 alionse kuzizira kumaonjezeka ndi madigiri pafupifupi 6. Ndiye kuti kukafunda ndi digiri imodzi ndi theka, comera cokonda kuzizira ciyenera kusamukira kumtunda mamita oposa 200 kuti cipeze nyengo imene cinazolowera. Koma phiri limanka licepa kumwamba, ndipo liri ndi polekezera. Nsonga yaitali kwambiri m'mapiri a Cantabria, Torre Cerredo, ili pa mamita pafupifupi 2,650, ndipo kumeneko ndi miyala yokhayokha.

Mu 2019 ofufuza motsogozedwa ndi Vincenzo Penteriani anafalitsa zimene anapeza atayang'ana zomera zisanu ndi ziwiri zimene zimbalangondo za ku Cantabria zimadalira pa cakudya ndi pobisala. Anaona kuti kutentha kukapitirira, m'zaka 50 zikudzazi malo oyenera zina mwa zomerazi adzacepa kwambiri, ndipo zimbalangondo zidzakakamizika kusiya mapiri opanda anthu n'kumafuna cakudya kufupi ndi midzi. Bilberry ndi beech ndi zina mwa zomera zimene sizipirira kutentha ndi cilala.

Pali ndi zina zimene munthu sangaziganizire msanga. Cipale cofewa cimagwira nchito ngati bulangete: cikaphimba tizitsamba ta bilberry cimatiteteza ku mphepo yozizira. Cikasungunuka msanga, tizitsambato timaphuka nthawi isanakwane, ndipo usiku umodzi wacisanu ukabwerera maluwa onse amapserera. Caka cimeneco zipatso kulibe. Kenaka pali moto. Mu Ogasiti 2025, kutatentha koopsa kwa masiku ambiri, moto wolusa unapsereza malo aakulu kumpoto cakumadzulo kwa Spain, m'zigawo za León, Ourense ndi Zamora, ndipo unafikanso m'mapiri a Asturias mmene mumakhala zimbalangondo. Udzu ukapsa umaphukanso mvula ikagwa, koma mtengo wa oak umene unali kubala njere umafuna zaka makumi angapo kuti wina ulowe m'malo mwake.

Za tulo tija, oyang'anira nyama ku Cantabria akhala akuona kuti m'zaka zimene cisanu ciri cofatsa ndipo njere ziri mbwee pansi, zimbalangondo zina sizilowa m'phanga konse, makamaka zazikazi zoyenda ndi ana a caka catha ndi zina zongosiyana kumene ndi amai ao. Pa nyamayo payokha zimenezi si zoipa nthawi zonse, pakuti ngati cakudya cilipo palibe cifukwa cogonera ndi njala. Bvuto ndi lakuti m'miyezi imeneyo anthu anazolowera kuti phiri ndi lao. Ndi nthawi yosaka nguluwe ndi agalu, nthawi yoyenda ndi kusewera pa cipale. Mu Novembala 2020 zimbalangondo ziwiri zazikazi zinaomberedwa tsiku limodzi pa uzimba wa nguluwe, cimodzi ku Palencia, cina m'mapiri a Pyrenees. Pa nyama imene imabereka kamodzi pa zaka ziwiri, kutaya yaikazi imodzi ndi kutaya banja lonse la mtsogolo.

Kwina nako ziri conco

Si ku Spain kokha. Ku Yellowstone, m'dziko la United States, zimbalangondo zofiirira zimene kumeneko amazicha grizzly zimakonda njere za mtengo wa paini wochedwa whitebark, umene umamera pamwamba peni peni pa mapiri. Sizivutika ndi kukwera mumtengo, zimangofukula nkhokwe za agologolo amene anatuta kale. Kale cisanu coopsa cinkapha kacirombo koboola mitengo imeneyi. Cisanu citayamba kufatsa, kacirombo kaja kanaculuka, ndipo m'zaka za m'ma 2000 kanapha mitengo yosawerengeka, kuonjezera pa matenda ena amene anali ataigwira kale. Mu Disembala 2022 boma la dzikolo linaika mtengo wa whitebark pa mndandanda wa zamoyo zimene ziri pangozi. Zimbalangondo za kumeneko sizinathe, zinatembenukira ku zakudya zina, makamaka nyama. Koma ofufuza anaona kuti m'zaka zimene njere zasowa zimatsika kumunsi, ndipo zambiri zimafera m'manja mwa anthu.

Pa cilumba ca Kodiak ku Alaska panacitika cinthu cina. Kumeneko zimbalangondo zinkayamba ndi kugwira nsomba za salmon m'timitsinje, kenaka n'kupita kukadya zipatso zofiira za elderberry zikapsa. Mu 2014 kunafunda msanga, ndipo zipatso zinapsa nthawi imodzi ndi kufika kwa nsomba. Ofufuza anadabwa kupeza timitsinje tadzaza ndi nsomba koma zimbalangondo kulibe, zonse ziri m'mapiri kudya zipatso. Zakudya ziwiri zimene zinkabwera motsatana zinafika pamodzi, monga mmene zingakhalire masuku ndi cimanga caciwisi zitapsa sabata imodzi, kenaka n'kutha zonse. Ndipo mbalame ndi tinyama timene tinkadya zotsala za nsomba m'mbali mwa mitsinje tinasowa cotola.

Nkhani ziwirizi zinandiphunzitsa kuti cimbalangondo si nyama yopusa kapena yofooka. Cimadya pafupifupi ciriconse, ndipo cakudya cimodzi cikatha cimafuna cina. Cimene cimacipha kawirikawiri ndi kumene njala imacitengera, pakuti cakudya catsopanoco nthawi zambiri cimakhala pafupi ndi munthu.

Thandizo limene likuperekedwa

Zimbalangondo za ku Cantabria zinatsala pang'ono kutha kale anthu asanayambe kukamba za nyengo. Zinkasakidwa, kucheredwa misampha ndi kuthiridwa poizoni. Boma la Spain linaletsa kuzipha mu 1973, koma kupha mozemba kunapitirira, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1990 zinali zosakwana 100, zogawikana m'magulu awiri, lakumadzulo ndi lakummawa. Pakati pao panali mtunda wa makilomita makumi angapo, wodutsamo mseu waukulu ndi njanji. Gulu lakummawa linali laling'ono kwambiri kotero kuti zinayamba kuberekana pacibale.

Mu 1988 dera la Somiedo ku Asturias linasanduka malo otetezedwa, ndipo mu 1992 kunabadwa bungwe la Fundación Oso Pardo, dzina limene m'Cisipanishi litanthauza bungwe la cimbalangondo cofiirira. Linalemba nchito anthu a m'midzi ya komweko kuti aziyendera mapiri, kucotsa misampha ya waya ndi kuwerenga zazikazi zoyenda ndi ana. Pang'onopang'ono zinthu zinasintha. Kalembera amene anacitika mu 2020, poyesa ubweya ndi ndowe zotoledwa m'chire, anapeza zimbalangondo pafupifupi 370. Kuona maso a nkhono n'kudekha: panapita zaka 30 kuti zimenezi zitheke.

Tsono pa bvuto la nyengo, nchito imene ikucitika ndiiona m'mbali zinai.

Yoyamba ndi kubzala cakudya. Mu 2020 bungwe lija, pamodzi ndi mabungwe ena ndi thandizo la ndalama la European Union, linayamba nchito yochedwa LIFE Osos con Futuro, kutanthauza zimbalangondo za tsogolo. Colinga cake cinali kubzala mitengo ndi zitsamba zobala zipatso 150,000, kuonjezapo mitengo ya chestnut 25,000. Nzeru yake ndi iyi: ngati bilberry ndi beech zidzacepa, payenera kukhala mitengo ina imene ingapirire nyengo yofunda, monga cherry ndi chestnut, ndipo ikhale ya mitundu yosiyanasiyana yopsa pa nthawi zosiyana, kuti wina ukalephera wina ubale. Mbewu amazitola m'dera lomwelo, ndipo amabzala timagulumagulu m'malo ambiri, kutali ndi nyumba. Mlimi aliyense amene amasakaniza cimanga, mapira, cinangwa ndi maungu poopa cilala angaimvetse nzeru imeneyi msanga.

Yaciwiri ndi kutsegula njira. Nyama imene yatsekeredwa paphiri limodzi, cakudya ca paphiripo cikatha, yatha nayonso. Cifukwa cake kwa zaka zambiri akhala akubzala mitengo m'dera la pakati pa magulu awiri aja, makamaka pafupi ndi malo amene nyama zingadutsire pansi kapena pamwamba pa mseu waukulu, kuti cimbalangondo cipeze pobisala ndi podya ciri pa ulendo. Kuyesa kwa ubweya kwaonetsa kuti zazimuna zakumadzulo zafika kummawa ndipo zabereka ana kumeneko. Magazi atsopano amenewa ndi cuma, pakuti mtundu woberekana pacibale supirira matenda ndi kusintha kwa zinthu.

Yacitatu ndi kuphunzitsa anthu. Alenje, oyenda m'mapiri ndi otola bowa akuuzidwa kuti cisanu sicitanthauzanso kuti zimbalangondo zagona. Mlenje asaombe cinthu cakuda cimene cagwedeza chire asanacione bwino. Woyenda asasiye njira, asamasule galu, ndipo akaona cacikazi ndi ana abwerere mwakacetecete. Malo amene kuli mapanga asiyidwe osasokonezedwa, pakuti mai akadzidzimutsidwa mu Febuluwale akhoza kuthawa n'kusiya ana, ndipo mwana wosakwana kilogalamu sacedwa kufa ndi mphepo.

Yacinai ndi kucititsa kuti cimbalangondo cisapeze cakudya pamudzi. Cikangolawa zotaya m'migolo ya zinyalala kamodzi kapena kawiri, cimazolowera, cimataya mantha, ndipo mapeto ake amakhala oipa kwa ico kapena kwa munthu. Motero akuika migolo yosatseguka wamba, akuchinga ming'oma ya njuci ndi waya wa magetsi, ndipo abusa akupatsidwa agalu aakulu olondera nkhosa. Apa makolo a kumeneko anali atayamba kale. M'mapiri a Asturias mukadali mipanda yamiyala yozungulira, yaitali kuposa munthu, yochedwa cortinos, imene anthu akale ankamanga kuti cimbalangondo cisafike pa uci wao.

Mwina mungafunse kuti bwanji osangozithirira cakudya m'chire monga ticitira ndi nkhuku. Yankho ndi lomwe lija: nyama yodyetsedwa ndi munthu imayamba kulondola munthu. Thandizo lenileni ndi lija limene cimbalangondo sicidziwa n'komwe kuti cathandizidwa. Cimangopeza mtengo wabala pamene panalibe mtengo, ndi njira pamene panali potseka.

Amene amasenza katundu

Sindifuna kuti nkhaniyi ioneke yokoma mbali zonse, pakuti cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere. Munthu wa mumzinda wa Madrid kapena Paris amakondwa akamva kuti zimbalangondo zikuculuka. Mbusa wa paphiri samva cimodzimodzi. M'mapiri a Pyrenees, pakati pa France ndi Spain, zimbalangondo zinali zitatsala zowerengeka pa zala, ndipo boma la France linabweretsa zina kucokera ku Slovenia mu 1996 ndi 1997, kenaka mu 2006 ndi mu 2018. Cacikazi comaliza ca mtundu wa komweko, cimene anacicha Cannelle, cinaomberedwa ndi mlenje mu Novembala 2004. Lero ciwerengero cakwera, koma abusa ambiri a nkhosa akhala akukana nchitoyi ndi mtima wonse. Mu Julayi 2017 nkhosa zoposa 200 zinagwera kuphompho m'dera la Ariège pothawa cimbalangondo. Ndipo mu Epulo 2023, ku Trentino m'dziko la Italy, mnyamata wa zaka 26 anaphedwa ndi cimbalangondo pamene anali kuthamanga m'nkhalango pafupi ndi kwao. Zotere sizicitika kawirikawiri, koma kwa banja limene lataya mwana mau amenewo satonthoza.

Tsiku lina tikukambirana zimenezi pa gulu lathu, mtsikana wina wocokera ku cigwa ca Luangwa anati iye mbusa wa ku Pyrenees akumumvetsa bwino, pakuti kwao njobvu zimatha munda usiku umodzi, ndipo m'mawa mwake alendo amabwera kudzazijambula ali cimwemwe. Mau ake anandikhala mumtima. Anandionetsa kuti nchito yosunga nyama imaima kapena kugwa pa funso limodzi: kodi amene amagona pafupi ndi nyamayo akupindulapo ciani, ndipo akataya cuma cake ndani amubwezera? Pepani sapoletsa cilonda. Ku Asturias ndi ku Castilla y León boma limalipira munthu amene cimbalangondo camuonongera ming'oma, ziweto kapena mitengo yazipatso, ndipo kumene malipiro acedwa madandaulo amamveka msanga. Ku Somiedo midzi imene inali kutha anthu yapeza mpata wina, pakuti alendo amabwera kudzaona zimbalangondo ali patali ndi magalasi oonera kutali, ndipo amagona, amadya ndi kulipira owatsogolera. Sindinena kuti ndalama za alendo zimathetsa zonse. Ndikunena kuti munthu amene cimbalangondo cimamubweretsera kanthu amaganiza kawiri asanachere msampha.

Pamenepa ndi pamene kusintha kwa nyengo kumandiopsa kwambiri. Mtendere umene ulipo pakati pa anthu ndi zimbalangondo ku Cantabria unamangidwa pa mgwirizano wosalembedwa wakuti nyama ikhale kumtunda, munthu kumunsi, ndiponso kuti m'cisanu nyama igone. Nyengo ikuphwanya mbali zonse ziwiri za mgwirizanowu. Zimbalangondo zaculuka, cakudya ca kumtunda cikucepa, ndipo miyezi yoyendayenda ikuonjezeka. Ngati anthu a m'midzi atatopa, nchito ya zaka 30 ikhoza kugwa m'zaka zocepa, ngakhale malamulo atakhala olimba cotani.

Maganizo anga

Wina anganene kuti tiri ndi mabvuto athu okwanira, ndipo nyama ya ku Spain itikhudza bwanji. Ndimamumvetsa. Koma mpweya umene ukufupikitsa cisanu ku Cantabria ndi womwewo umene ukusokoneza mvula kuno. Tonse tikukumbukira cilala ca 2024, pamene boma linalengeza mu Febuluwale kuti dziko liri pa tsoka, cimanga cinauma ciriri, ndipo madzi a ku Kariba anatsika mpaka magetsi kusowa. Cimbalangondo sicinayatsepo fakitale, monganso mlimi wa ku Petauke sanayatsepo. Nkhuyu zodya ana zimapota akulu, ndipo pa nkhani iyi zapota amene sanadye n'komwe.

Kunena zoona, mitengo 150,000 siingaziziritse dziko. Ngati maiko olemera sacepetsa utsi wa malasha, mafuta ndi gasi, idzafika nthawi imene ngakhale chestnut adzalephera. Obzala mitengo aja akudziwa zimenezi kuposa ine. Cimene akucita ndi kugulira nyamayo nthawi, kuti pamene akuluakulu akukangana m'misonkhano, cacikazi cina cilowe m'phanga ciri conenepa, cibereke ana awiri m'malo mosabereka. Ine ndiona kuti nchito yotere ndi yoyenera ulemu, ngakhale siimaliza bvuto lonse. Munthu amene wakana kuthira madzi pa moto wa nyumba imodzi cifukwa mudzi wonse ukupsa sitimamucha wanzeru.

Cinanso cimene ndatolapo ndi ca nthawi. Mtengo wa cherry umafuna zaka zingapo usanabale, wa chestnut umafuna zoposerapo kuti ubale kwambiri, ndipo wa oak umaposa onsewo. Amene akukumba maenje lero m'mapiri a León akubzalira zimbalangondo zimene agogo ao sanabadwe. Ambiri a anthuwo sadzaona mitengoyo itakula. Ife acinyamata timakonda zinthu zooneka msanga, ndipo tikayamba nchito tifuna cithunzi ca zotsatira zake sabata yomweyo. Koma pa anthu onse amene ali ndi moyo lero, ndife amene tidzakhalepo m'zaka 50 zija zimene ofufuza akunena. Nkhalango ya nthawi imeneyo, kaya ku Spain kaya kuno, idzakhala ya mitengo imene yabzalidwa kapena kusiyidwa osadulidwa m'zaka zino.

Pomaliza, anzanga, pamene muwerenga za nyama iriyonse imene ikubvutika ndi nyengo, musayambe ndi kuimvera cisoni cabe. Funsani mafunso amene anthu a ku Cantabria anafunsa. Kodi imadya ciani mwezi ndi mwezi, ndipo ndi cakudya citi cimene cikusowa? Kodi iri ndi njira yopitira kwina cakudya cikatha? Kodi ndi nthawi iti imene ifunika kusiyidwa yokha? Ndipo ndani akhala nayo pafupi, amene adzataya munda, uci kapena nkhosa? Mafunso anai amenewa ndi amene anasandutsa cisoni kukhala maenje okumbidwa, misampha yocotsedwa ndi mipanda yomangidwa. Mwezi wa Januwale ukubwerawu, pamene ife tidzakhala tikupalira, m'phanga lina pamwamba pa Somiedo mudzabadwa tiana tiwiri tosaona, ndipo moyo wao udzadalira njere zimene mai wao anapeza pansi pa mitengo mu Okutobala.